Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: agogo athu a ku Beatrice auzidwe zoona za opaleshoni ya ng'ala

Kwa Olemekezeka Dr Douglas Mombeshora,
Nduna ya Zaumoyo ndi Kusamalira Ana,
Harare.

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani m'Chichewa mwadala. Gawo 6 la malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndicho chili koyambirira kwa mndandandawo. Anthu omwe ndikuwalankhulira amapemphera ndi kudandaula m'chilankhulo chimenechi. Ndikunena nkhalamba za m'makomboni a mapulazi ozungulira Beatrice, zomwe zikukhala mumdima chifukwa cha ng'ala, chonsecho chipatala cha maso cha Sekuru Kaguvi ku Parirenyatwa chili pamtunda wosakwana makilomita 60 kuchokera kuno.

Anthuwa si achilendo kwa inu. Mwakhala phungu wa Mhangura, komwe mgodi wa kopa unasonkhanitsa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo kuyambira 2013 mpaka 2017 munali nduna yoona za malo. Mukudziwa kuti makolo athu anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Angonia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi, kudzakama ng'ombe, kudzathyola fodya ndi kudzalowa m'migodi. Kwawo anawatcha machona. Ana awo, obadwira m'mbali mwa mtsinje wa Mupfure, ndiwo agogo athu a lero. Mapulazi atasintha eni kuyambira 2000, ambiri anatsala m'makomboni momwemo, ntchito yokhazikika palibe, penshoni palibe, mudzi woti n'kubwererako palibenso. Munthu wotere akachita khungu, maganyu amathera pomwepo, dimba limagonera, ndipo mdzukulu wa giredi 4 amasiya sukulu kuti azigwira nsonga ya ndodo n'kumawatsogolera agogo kuchimbudzi ndi kutchalitchi. Khungu la munthu mmodzi limamanga anthu awiri.

Inu ndinu dokotala, za ng'ala sindingakuphunzitseni. Koma kalatayi iwerengedwanso pakhonde, mwana akuwawerengera agogo ake, choncho ndiloleni ndifotokoze momwe ndikulakalaka anamwino athu atamafotokozera. Kuseri kwa kadontho kakuda ka diso kuli kagalasi kachilengedwe komwe kamalowetsa kuwala. Munthu akamakula, kagalasiko kamachita chifunga pang'onopang'ono. Matenda a shuga, kusuta fodya, dzuwa la zaka zambiri m'munda, kuvulala m'diso ndi mankhwala ena a steroid zimafulumizitsa zimenezi. Zili ngati galasi la nyali ya parafini likachita mwaye: chingwe chili bwinobwino, mafuta alimo, koma kuwala sikutuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti ka m'disoka sikapukutika. Palibe mankhwala odontheza, palibe muzu, palibe mandala omwe angakayeretse. Kamafunika kuchotsedwa n'kuikapo kena. Bungwe la World Health Organization limati ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri padziko lapansi kuposa nthenda ina iliyonse, ndipo anthu pafupifupi 94 miliyoni saona bwino patali chifukwa cha iyo. Chopweteka mtima n'chakuti khungu limeneli limachizika pa ntchito yosatenga ngakhale ola limodzi.

Nanga agogo athu amakaniranji? Ndinakulira m'komboni, ndipo zomwe zimanenedwa pamoto ndimazidziwa. Akuti adokotala amakolowola diso n'kuliika m'mbale. Akuti amakuika diso la mbuzi. Akuti nkhalamba akaigonetsa tulo ta opaleshoni siidzukanso. Ena amati ng'ala iyambe yakhwima, ena amati wina wawaponyera chifukwa cha nsanje, ndiye mankhwala ake ndi a kwa sing'anga. Sindiwaseka anthu amenewa ngakhale pang'ono, chifukwa mantha ena ali ndi pochokera. Kale kagalasi kodwala akakachotsa sankaikapo kanthu. Munthu ankabwerako ndi mandala ochindikala kwambiri, ndipo mandalawo akasweka kapena kutayika, ankabwerera mumdima. Agogo athu anawaona anthu otere ali ana. Chomwe sanauzidwe n'chakuti zinthu zinasintha. Harold Ridley anaika kagalasi ka pulasitiki koyamba m'diso la munthu pa chipatala cha St Thomas ku London mu 1949, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mafakitale a Aurolab ku India ndi a Fred Hollows ku Eritrea ndi Nepal anatsitsa mtengo wake mpaka zipatala za ku Africa kuno zinayamba kukwanitsa kugula. Lero kagalasiko kamakhala m'diso moyo wonse. Sikasweka, sikachita dzimbiri, ndipo mwini wake sakamva n'komwe.

Pempho langa lalikulu lagona pamenepa, a Nduna. Munthu asanakwere kombi yopita ku Harare, Chitungwiza kapena Norton, pakhale wina woti akhale naye pansi n'kumuuza bwinobwino zomwe akakumane nazo, kuyambira pakhomo la chipatala mpaka tsiku lomwe adzasiye mankhwala.

Amuuze kuti tsiku loyamba si la opaleshoni ayi. Amamuwerengetsa zilembo kapena kumuonetsa zala, amamudontheza mankhwala okulitsa kadontho kakuda, moti kwa maola angapo amaona mwachimbuuzi kuposa kale ndipo dzuwa limamuthobwa. Nkhalamba ikapanda kuchenjezedwa za ichi imabwerera kunyumba ikunena kuti chipatala chaonjeza matenda, ndipo komboni yonse imamva. Amayezanso kutalika kwa diso ndi makina kuti asankhe kagalasi ka mphamvu yoyenera munthuyo, amayeza shuga ndi BP. Zikakwera kwambiri, kapena diso likakhala ndi manthongo, opaleshoni amaiimitsa kaye. Kumeneko si kukanidwa, koma wodwala wosauzidwa amaona ngati amubweza chifukwa cha umphawi wake, ndiye sabweranso. Atenge mankhwala onse omwe amamwa akawaonetse, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ndi omwe abambo amamwa akamavutika pokodza, chifukwa ena mwa amenewa amasokoneza ntchito ya dokotala akapanda kudziwiratu.

Amuuze kuti ng'ala siidikira kukhwima. Ikangoyamba kumulepheretsa munthu kuzindikira nkhope, kusankha nyemba kapena kuwerenga Baibulo lake, nthawi yakwana. Ikakhalitsa imalimba, kuchotsa kwake kumavuta, ndipo nthawi zina imatupa n'kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuononga mtsempha woonera.

Tsiku la opaleshoni lenilenilo ndilo anthu amaliopa kwambiri, chonsecho ndilo lalifupi. Akuluakulu ambiri sawagonetsa tulo. Amachititsa dzanzi diso lokhalo ndi mankhwala odontheza kapena jakisoni wa m'mbali mwa diso, yemwe amaluma kanthawi kochepa. Amatsuka khungu lozungulira ndi mankhwala a bulauni, amafunditsa nkhope ndi nsalu yosiya diso limodzi poyera, ndipo munthu amagona chagada, phee, kwa mphindi 20 kapena 30. Amamva adokotala ndi anamwino akulankhulana, amaona kuwala kwamphamvu, mwina mitundumitundu, amamva timadzi tozizira tikuyenderera patsaya ndi kukanikiza pang'ono. Ululu weniweni sukhalapo, ndipo ukamveka anene. Diso silitulutsidwa m'malo mwake. Dokotala amacheka kabala ka mamilimita ochepa m'mphepete, amachotsa kagalasi kodwalako n'kusiya kathumba kake, muja n'kulowetsamo katsopano. Nthawi zambiri sipafunika n'kusoka komwe. Akafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, achenjeze kaye, asangodzidzimuka. Kachinthu kakang'ono ngati aka, ndani amawauza agogo omwe moyo wawo wonse agwira ntchito m'fumbi la fodya ndipo chifuwa sichiwachoka? Amachita diso limodzi, linalo limadikira mpaka loyamba litapola.

Azakhali anga ndinawaperekeza ndekha ku opaleshoni ya ng'ala. Usiku umenewo anagona ndi bandeji ndi kachotchinga ka pulasitiki, osalankhula ndi munthu, manja atagwira korona. M'mawa namwino anamatula pulasitala pang'onopang'ono kuchokera pachipumi, n'kupukuta zikope ndi thonje. Iwo anaphethira kangapo, misozi ikutsika, kenako anayang'ana pansi pa chitenje chawo nthawi yaitali. Anafunsa kuti anawagulira chitenje cha maluwa ofiira chotere ndani, pomwe anali atachivala zaka. Atatero anatembenuza manja awo n'kumaona mitsempha ndi makwinya, kenako anandiyang'ana ine nati, "Iwe, imvi zimenezi unayamba liti?" M'chipindamo munali nkhalamba zina zomwe zinali pamzere womatulidwa, ndipo zonse zinayamba kuseka ndi kuomba m'manja bandeji zili kumaso.

Koma nkhani yawo siinathere pamenepo, ndipo chotsatirachi ndicho chandilembetsa kalata. Potuluka anapatsidwa timabotolo tiwiri ndi kapepala ka Chingerezi, malangizo ananenedwa mothamanga pakhomo pali chimzere. Atafika kunyumba, chimwemwe cha kuona chinawatuma kulichero. Anapeta chimanga, anasesa pabwalo, anaphika m'khitchini yathu ya utsi. Mnzawo wina atadandaula kuti maso akumuyabwa, anamugawirako mankhwala, poti kwathu kumana mnzako n'chamanyazi. Botolo linatha msanga, diso linafiira, ndipo tinathamanga nawo usiku pa galimoto yobwereka. Linapulumuka, tithokoze Mulungu. Ntchito ya dokotala inali yabwino kwambiri. Chomwe chikanaiononga ndi mawu ochepa omwe sanafike m'khutu la mwini diso.

Malangizo a pambuyo pa opaleshoni alembedwe ndi munthu wodziwa moyo wa m'komboni. Kapepala kakamanena za kusambira m'damu la kuhotela ndi kuyendetsa galimoto, kwa ife sikananene kanthu. Kanene kuti kwa milungu ingapo asapete, asapunthe, asasese, asalowe m'chigafa kukasankha fodya, asakhale pa utsi wa nkhuni, asasenze ndowa, asakasambe kumtsinje. Kumaso apukute ndi kansalu koyera, madzi ndi sopo zisalowe m'diso. Asalitikite ngakhale litanyereza chotani, ndipo sabata yoyamba agone ndi kachotchinga kaja. Kanene kuti masiku oyamba diso limamveka ngati muli mchenga, limatuluka misozi, limafiira pang'ono ndipo kuona kumayera pang'onopang'ono. Zimenezo zisawaopse, chipewa cha khonde chimathandiza padzuwa. Mankhwala odontheza amatenga pafupifupi mwezi kapena kuposerapo. Wodontheza asambe m'manja, akokere chikope cha m'munsi, dontho limodzi lokha, kamwa la botolo lisakhudze diso, ndipo pakati pa botolo ili ndi linalo padutse mphindi zisanu. Kwa munthu wopanda wotchi, nthawi itchulidwe momwe iye amaidziwira: podzuka, pa nsima ya masana, dzuwa likapendeka, pogona. Ndipo kanene mosapsatira kuti botolo ndi la munthu mmodzi. Mankhwala a steroid omwe amapoletsa diso lochitidwa opaleshoni angathe kuboola diso la mnzake yemwe ali ndi chilonda. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, madzi a masamba, zonsezi zisayandikire.

Koposa zonse, aliyense atuluke m'chipatala akudziwa zizindikiro zomwe sizigonetsa: ululu womwe ukukulirakulira, kuona komwe kunayera kenako n'kuyambanso kuda, kufiira kwambiri, mafinya, kutupa kwa zikope. Tizilombo tikalowa mkati mwa diso, zomwe sizichitika kawirikawiri, diso limatha kuonongeka m'masiku ochepa. Munthu wa ku pulazi yomwe ili kutali ndi msewu wa Masvingo ayenera kudziwa nambala yoimba ndi khomo logogoda tsiku lomwelo, osadikira tsiku lomwe analembedwa pakhadi.

Wina anena kuti malangizo a m'Chichewa safunika, poti agogo athu Chishona amachidziwa. N'zoona, amagulira nacho kusitolo ndipo ambiri anakwatirana ndi eni chilankhulocho. Koma munthu wa zaka 78 yemwe sakuona nkhope ya womulankhula, makutu ayamba kugontha, mtima uli m'mwamba, amangoyankha kuti "hongu" kuti asavutitse. Ambiri anazolowera kubisa kalankhulidwe kawo poopa kutchedwa mayina achipongwe, ndiye pamaso pa munthu wa yunifolomu safunsa funso. Kapepala sikawathandiza kwenikweni, poti sukulu za m'mapulazi a nthawi imeneyo sizinawafikitse patali, ndipo wa ng'ala sawerenga. Mawu ojambulidwa m'Chichewa, a mphindi zochepa, oti mdzukulu awaseweretse pafoni kudzera pa WhatsApp mobwerezabwereza, angagwire ntchito yaikulu pa ndalama yochepa. Wailesi ya National FM imaulutsa kale m'Chichewa. Namwino wa maso atamalankhulapo nthawi ndi nthawi, mphekesera ya diso la mbuzi siingakhalitse.

Pali nkhani ya ndalama ndi zitupa. Ndondomeko ya boma imati a zaka 65 kupita m'tsogolo asalipire m'zipatala za boma, ndipo gawo 82 la malamulo a dziko limapatsa opitirira zaka 70 ufulu wolandira chithandizo cha zaumoyo kuchokera ku boma. Koma ulendo wa ng'ala si umodzi. Pali wokayezetsa, wa opaleshoni, wokaonetsa patapita sabata kapena ziwiri, ndi wina patapita mwezi ndi theka, ndipo paliponse akwera awiri chifukwa wakhungu sayenda yekha. Onjezanipo mankhwala odontheza akasowa m'chipatala, ndi mandala owerengera omwe ambiri amawafunabe pambuyo pake. Banja lodalira maganyu limaphonya ulendo wachitatu ndi wachinayi, omwe ndi maulendo ogwirira mavuto asanakule. Chikalata cha AMTO chothandiza osauka pa malipiro a kuchipatala, chochokera ku ofesi yosamalira ovutika, chilipo, koma m'makomboni ndi ochepa anachimvapo. Za zitupa mukuzidziwa bwino. Lamulo la unzika la 2001 linasiya anthu ambiri a m'mapulazi m'malere. Gawo 43 la malamulo a 2013 linawabwezera unzika obadwira muno omwe kholo lawo linali la dziko la SADC, komabe alipo omwe chitupa chawo chikadali ndi chilembo A, ndi ena omwe alibe pepala lililonse, osadziwa n'chaka chobadwa chomwe. Chonde lamulani momveka kuti nkhalamba isabwezedwe pa mzere wa maso chifukwa chosowa chitupa. Kalata ya khansala, ya mfumu kapena ya m'busa ikwanire.

Zomwe ndikupemphazi zinachitikapo kwina. Ku Nkhoma, ku Malawi, komwe mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Harare unachokera, chipatala cha mishoni chinatchuka pa opaleshoni ya ng'ala potumiza anthu ophunzitsidwa kukafufuza odwala m'midzi ndi kuwanyamula pa galimoto kupita ndi kubwera. Kafukufuku wa Paul Courtright, Susan Lewallen ndi anzawo kumidzi ya kum'mwera kwa Malawi m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti yemwe akudziwa mnzake wochitidwa opaleshoni, kapena wakambiranapo ndi wina za nkhaniyi, ndiye amavomera msanga. Anthu omwewo anagwiranso ntchito limodzi ndi asing'anga m'malo molimbana nawo, kuwaphunzitsa kuzindikira ng'ala ndi kutumiza odwala kuchipatala. Ndi anthu a mtundu wathu womwewu, a mantha omwewa. Muno m'dziko muli kale manja odziwa ntchito: madokotala a ku Sekuru Kaguvi, a Council for the Blind omwe akhala akuthandiza pa chipatala cha maso cha Norton, ndi Dr Solomon Guramatunhu, yemwe kudzera mu Eyes for Africa wachita maopaleshoni aulere m'madera akumidzi. Chosowa ndi mlatho wochoka pa khomo la komboni kukafika pa tebulo lawo.

Mlathowo ungayambe ndi namwino wa maso wobwera ku Beatrice pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse, tsiku losasinthasintha, loti anthu alizolowere. Alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi m'mapulazi aphunzitsidwe kuyeza ndi zala ndi tochi, n'kulemba mayina a omwe sakuona. Opezeka ndi ng'ala anyamulidwe pamodzi pa basi imodzi, chifukwa nkhalamba zimalimbana mtima zikakhala pagulu, abwerere ndi mankhwala okwanira mwezi wonse m'manja, ndipo kuonedwa kwa pambuyo kuchitikire konkuno, namwino ndiye ayende. Ngati n'kotheka, maulendo aakulu akhale m'miyezi ya May mpaka July, zokolola zitalowa, fumbi ndi mphepo ya August zisanayambe. M'nyengo ya dzinja munthu sangasiye munda, ndipo mukamuletsa kuwerama ndi khasu mu December mwamuletsa kudya.

Ndipemphenso kuti anthu auzidwe zoona ngakhale zowawa. Si khungu lonse lomwe ndi ng'ala. Glaucoma imapha mtsempha woonera mwakachetechete ndipo chomwe yatenga sichibwerera, shuga nayenso amaononga kuseri kwa diso. Munthu wokhala ndi ng'ala pamodzi ndi matenda amenewa adzaona bwinoko, koma osati ngati mnzake wa bedi loyandikana nalo, ndipo auzidwiretu. Ena patapita miyezi kapena zaka amaonanso chifunga chifukwa kathumba kosunga kagalasi kaja kachita mbuu. Ng'ala siinabwerere, ndipo makina a laser amayeretsa m'mphindi zochepa popanda kucheka. Mmodzi wokhumudwa chifukwa cholonjezedwa zosatheka amabweza anthu khumi. Mu 2021 mayiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana kuti pofika 2030 akweze ndi mapointi 30 pa 100 chiwerengero cha odwala ng'ala omwe achitidwa opaleshoni n'kuonadi bwino. Muyezo umenewu suwerenga maso ochekedwa okha, umafunsa ngati mwini diso akuona. Yankho lake limapezeka patapita milungu, m'nyumba ya m'komboni, momwe muli utsi, lichero ndi botolo la mankhwala lomwe mdzukulu ayenera kukumbukira.

Ife kuno sitikhala manja lende. Matchalitchi ndi mizikiti yathu ili ndi mabenchi ndi mthunzi woyezerapo anthu. Mabungwe athu a maliro amadziwa khomo lililonse lomwe muli nkhalamba yosatuluka panja, ndipo akuluakulu a dambwe akalankhula amuna amamva. Achinyamata omasulira Chichewa, Chiyao ndi Chisena alipo, ndipo azakhali anga pamodzi ndi anzawo omwe anaonanso ndi okonzeka kuima kutsogolo n'kulola aliyense awayang'ane m'diso. Tiuzeni tsiku kudzera ku ofesi ya zaumoyo ya chigawo ku Marondera, namwinoyo adzapeza anthu atakhala kale pamzere.

Ine wanu mwaulemu,

Mdzukulu wa machona,
Beatrice, Mashonaland East.